Tening ndi Chipewa cha a Wane

Tsiku limene Tening Dione anafika pamalo anga odyera ku Ouakam, mumzinda wa Dakar, anali atangochotsedwa ntchito ya m'nyumba chifukwa cha fani. Abwana ake aakazi anadandaula kuti faniyo ikulira ngati chigayo, iye n'kuimasula yonse kuti aone chimene chikulira. Kumasula anamasula bwinobwino. Kubwezera ndiye kunakanika. Anamupeza atakhala pansi pabalaza, tizitsulo tili mbwee, iye atagwira tsaya.

Inu amene mukufuna mawu okulimbitsani mtima, musayembekezere kuti ndikuuzani za mtsikana wobadwa ndi nzeru zodabwitsa. Ayi ndithu. Tening anali mwana wamasiye wa kutauni ya asodzi ya Joal, mayeso omaliza a kusekondale anawalephera kawiri, ndipo nkhope yake nthawi zonse inkaoneka ngati ya munthu amene watsika basi pamalo olakwika.

Anaima pakhomo panga akulira, osagula kanthu. Nditamufunsa dzina n'kumva kuti Dione, ndinadziwa kuti mtundu wake ndi Mserere. Ine ndine Mjola, ndipo Ajola ndi Aserere tili pachisuwani kuyambira kwa makolo. Timanyozana, timatchana akapolo, timanenana kususuka, ndipo amene wakwiya ndiye wolakwa.

"Iwe kapolo wanga, misozi imeneyo ukundithamangitsira nayo makasitomala," ndinatero. "Lowa utsuke mbale."

Anapukuta m'maso n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mjola kukhala ndi kapolo? Amayi, inu nomwe ndinu katundu wa agogo anga."

Ndinaseka, n'kumupatsa sopo ndi malo ogona.

Ku Joal kunali azakhali ake amene anamulera. Ntchito yawo inali yowamba nsomba, ndipo utsi wa m'ng'anjo unali utawadya maso moti ankazindikira anthu pomva mawu. Ankaimba foni pafupipafupi. "Bwerera mwanawe, ng'anjo yanga ikusowa munthu. Dakar yakukana, ukukakamira chiyani?" Tening ankawakonda azakhali akewo, koma ng'anjo ankaiopa koopsa. Anagwirizana chimodzi: Dakar ikadzamugwetsanso, adzabwerera popanda kuwiringula, ndipo sadzatchulanso za mzinda.

Malo anga ali moyang'anana ndi geti la asilikali a m'mwamba. Amakaniko a ndege amadya kwa ine. Mmodzi wa iwo, atamva nkhani ya fani, anaseka mpaka kutsamwa, kenako anamulozera sukulu ya zamagetsi imene inkaphunzitsa masana. Tening ankati akatha kutsuka mbale za nkhomaliro, ulendo.

Musaganize kuti kumeneko zinayenda. Zala anazitentha, mawaya ankalumikiza mopingasa, ndipo chaka choyamba anabwereza. Ankabwera madzulo maso ali gwa.

"Amayi, lero sindinamvepo kalikonse."

"Ndiye mawa upitanso kukatani?"

"Ndipita basi. Mwina mawa ndikamva za lero."

Ndipo zinkaterodi. Mutu wa Tening unkayenda m'mbuyo mwa anzake, koma sunkaima. Ena amene ankamva msanga anatopa n'kusiya, iye n'kutenga setifiketi yake mochedwa chomwecho.

Nthawi imeneyo mu Dakar munali mutadzaza amalonda a mtundu wina. Boma linkafuna kugula zida zoonera nyanja ndi malire kuchokera m'mwamba, chifukwa zombo zakunja zinkaba nsomba, ndipo mabwato a ana athu othawira ku Ulaya ankasowa osapezeka. Fungo la ndalama litamveka, anabwera onse. A ku Turkey ndi ndege zawo zopanda woyendetsa, a ku China, a ku France, a ku Israel, ena a ku India. Aliyense ankalumbira kuti chake ndiye chimaona patali, cha mnzake n'chakhungu.

Mwa amenewa munali a Borja, bambo wa dazi wochokera ku kampani ina ya ku Ulaya. Iwo ankagulitsa kamera yaikulu ngati mtsuko, yomangirira kunsi kwa ndege. Munthu amakhala m'ndegemo kutsogolo kwa sikirini, n'kumaitembenuza ndi kandodo. Imaona usana, imaona mumdima, imaona ngakhale kutentha kwa thupi la munthu. A Borja ankafuna wonyamula mabokosi ndi kupukuta magalasi, ndipo sukulu ija inawapatsa Tening.

Anayamba ndi kansalu kopukutira. Kenako a Borja anaona kuti mtsikanayu amatsalira ena akaweruka, atayang'anitsitsa mabatani, milomo ikuyenda. Anamupatsa mpando.

Zinamuzunguza mutu kwa miyezi. Ukakankhira kandodo kumanja ndege ikukhota, chithunzi chimathawira kumanzere. Posaka ndi kutentha, munthu amaoneka woyera, ukadina batani lina yemweyo amaoneka wakuda. Koma chimene chinamuimitsa mutu kwenikweni sichinali makina.

"Bwana, zida zimenezi mdani wake ndani?" anafunsa tsiku lina.

A Borja anaseka. "Zimatengera wagula ndani. Chaka chatha ndinagulitsa kwa mayiko awiri oyandikana. Pano aliyense akuzonda mnzake ndi kamera yanga."

"Ndiye inu muli mbali iti?"

"Ya wogula, Tening. Ndipo umve lamulo langa, ndi limodzi lokha. Wogula sayankhidwa. Akanena kuti nyanja ndi yofiira, iwe uziti indedi bwana, yafiira lero."

Anamulonjeza chinthu chachikulu. Pa sabata ya chionetsero, Tening ndiye adzayendetse kamera pamaso pa akuluakulu a asilikali. Akadzachita bwino malonda n'kutheka, kampani idzamutumiza ku fakitale kukaphunzira mokwanira. Zikadzalephereka, a Borja adzalongedza n'kupita kukagulitsa kwina, ndipo ntchito idzathera pomwepo. Tening anadziwa tanthauzo lake. Kumeneko kukanakhala kugwa kumene anapangana ndi azakhali ake.

Chionetsero chinachitikira m'holo ya hotela ina yaikulu. Tening anavala suti yobwereka kwa mwana wanga, kachikwangwani ka dzina kali pachifuwa. Lamulo la a Borja ankalibwereza mumtima ngati pemphero.

Ndiye panafika a Wane, mkulu wa asilikali amene mawu awo ankalemera kwambiri posankha zogula. Munthu wamtali, wosaseka wamba, anyamata ake ali pambuyo. A Wane ndi Mtukuloro wa kumpoto kumtsinje, ndipo Atukuloro ndi Aserere ali pachisuwani cholimba kuposa chathuchi. Anawerenga dzina pachifuwa paja, maso awo n'kuwala.

"Dione? Ndani walowetsa kapolo wanga muno?" anatero m'Chifalansa, mokweza. "Mserere adziwa chiyani za ndege? Iwe si umayenera kukhala kumunda kwanga ukulima mtedza?"

Yankho linafika pamlomo pa Tening lokha, lakupsa kale. Anayang'ana a Borja, n'kulimeza.

"Takulandirani, bwana," anatero ataweramitsa mutu.

A Wane anayesanso. "Kapena njala yakutseka pakamwa? Aserere mukapanda kudya simuganiza."

"Indedi, bwana."

Nkhope ya a Wane inagwa. Anayang'ana kamera ija mosalabadira, n'kunena mouma kuti aonana mawa pa ulendo woyeserera. Anapita kwa amalonda ena, ndipo kumeneko anakhalitsa.

A Borja anali atafiira mpaka padazi. "Munthu wamkulu ngati uyu kukutcha kapolo pagulu? Pepa kwambiri, Tening. Sindinkadziwa kuti amadana ndi mtundu wanu."

"Sadana nafe, bwana. Ndi msuwani wanga."

"Ndi m'bale wako?"

"Ayi, sindikuwadziwa."

"Sukuwadziwa, ndi msuwani wako, akutcha kapolo, ndipo ukuti sadana nawe." A Borja anadzigwira pachipumi. "Ine zandizungulira. Koma chimodzi ndachiona ndi maso anga: atakuona anakhumudwa. Sindingaike m'ndege munthu amene wogula sakumufuna. Mawa kamera ndiyendetsa ndekha. Iwe udzathandize kumbali ya chakudya."

Anabwera kwa ine akukoka miyendo. Atandifotokozera, ndinakwiya zenizeni, moti chikho chimene ndinagwira ndinachiponya m'beseni.

"Wamutukwana munthu wamkulu, ukudziwa?"

"Amayi, ine sindinanene kanthu!"

"N'chimenecho! Munthu wakutambasulira dzanja pamaso pa anyamata ake, iwe n'kumusiya lili m'malere. Wamuuza kuti si msuwani wako, ndi mlendo chabe. Ulemu wa azungu wakupusitsa."

"Ndiye ndikanatani? Ndikayankha, abwana andichotsa. Ndakhala chete, abwana andichotsabe. Uyu akuti ulemu n'kutseka pakamwa, inu mukuti ulemu n'kunyoza. Wolondola ndani?"

Mwana ameneyu anagwira njakata, nanenso ndinagwira naye. Anakhala pampando osadya, foni ya azakhali ake ikuitana, iye osailandira.

Mawa lake kampani inakonza nkhomaliro m'shedi ya ndege, ulendo woyeserera usanayambe. Wophika ndinali ine, ndiye zimene ndikunenazi ndinaziona ndekha. Ndinaphika mpunga wa nsomba wofiira, wa tomato wambiri, ndi chinangwa ndi kabichi pamwamba. Tening anali atavala epuloni pamwamba pa suti ija, akugawa mbale. Kunja ndege inali itaima, kamera ikulendewera kunsi kwake.

A Wane sanamuyang'ane n'komwe. Koma mpunga wanga anaupatsa ulemu wake. Anavula chipewa chawo cha usilikali n'kuchiika pampando wapambali, anadya, anawonjezera, anapempha ndi nkhoko zapansi pa mphika. Foni yawo itaitana anadzuka akulankhula, n'kumalowera kundege. Chipewa chinatsala pampando.

Tonse a kuno tikudziwa. Msuwani akadya kwanu n'kuiwala kanthu, ndiye kuti kususuka kwamuchotsa nzeru. Chinthucho umachigwira, umamuyalutsa pagulu, ndipo sachitenga popanda kuchiombola.

Tening anachiona chipewacho. Anayang'ana a Borja, anayang'ana ine, anayang'ananso chipewa. Pambuyo pake anandiuza kuti sanaganize chilichonse chanzeru, mutu unali phokoso lokhalokha. Chimene anadziwa n'chakuti akakhalanso chete, akwera basi ya ku Joal.

Anatsitsa mbale, anatola chipewa n'kuchikweza m'mwamba.

"Anthu inu, taonani kuno! Chipewa ichi n'cha ndani? Mtukuloro wadya mpunga mpaka kuiwala mutu wake!"

Msilikali wina anatsala supuni ili m'kamwa. A Borja anatseka maso ngati munthu woyembekezera kuwombedwa.

A Wane anatembenuka pang'onopang'ono, n'kudula foni. Anagwira kumutu kwawo. Anayenda kubwerera mpaka kuima pamaso pa Tening, amene ankawalekeza pachifuwa.

"Wati chiyani, iwe?"

Mawu a Tening ankanjenjemera, koma anatuluka. "Ndati mwadya mbale zingapo ndi nkhoko zomwe, akuluakulu. Kwanu kumtsinje kulibe chakudya? Dziko lingadalire bwanji mlonda woiwala chipewa chifukwa cha nsomba?"

A Wane anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kugwira mawondo, anyamata awo n'kulandira, shedi yonse n'kuwira. "Eya! Kapolo wanga wapeza lilime! Dzulo ndimayesa azunguwa akusinthanitsa ndi chidole. Bweretsa chipewa changa."

"Chaulere? Muombole."

"Tchula. Nkhosa? Thumba la mpunga, poti Aserere m'mimba ndiye mulungu wanu?"

"Mukhale pambali panga m'ndegemo. Kamera ndiyendetse ine."

A Wane anatembenukira kwa a Borja. "Bambo, mwamva. Ine sindingakwere ndege wopanda chipewa, ndipo chipewa chili m'manja mwa adani."

A Borja anandiyandikira n'kundinong'oneza. "Mayi, chikuchitika n'chiyani? Tapambana kapena taluza?"

"Vulani mwanayo epuloni," ndinatero.

Za m'mwambazo anandiuza ndi Tening yemwe, ndipo a Wane anavomereza. Asilikali anali ataika bwato laling'ono penapake panyanja, ndipo ntchito inali yolipeza n'kuwerenga dzina lake. Ndege itakwera, manja a Tening anachita thukuta, kandodo n'kumaterereka. Anakankhira kolakwika. Pasikirini panadzaza chinthu chakuda, chozungulira.

"Kapolo wanga," anatero a Wane modekha, "ndikuona tayala la ndege yathu. Lili bwino, zikomo. Tsopano tandionetse nyanja."

Akanakhala wina akanalira. Tening anaseka, ndipo kusekako kunamumasula manja. "Ndimafuna ndione ngati silinaphwe ndi kulemera kwanu." Anabweza kamera, anasesa nyanja mzere ndi mzere monga anaphunzirira, osathamanga. Anapeza bwato lolakwika, la asodzi enieni, n'kulisiya. Anapitiriza mpaka analipeza lenilenilo, anakokera chithunzi pafupi, n'kuwerenga dzina lake mokweza. A Wane anangogwedeza mutu.

Mukuganiza kuti nkhani yatha bwino pamenepa? Nanenso ndinkaganiza choncho. Tinavina m'khitchini mwanga tsiku limenelo.

Patapita milungu ingapo, boma linalengeza kuti lagula kwa kampani ya dziko lina. Chifukwa chake palibe anatiuza. Ena ankati mtengo, ena ankati ndale za akuluakulu a mayiko, ena ankati amenewo anawonjezerapo ndege yaulere. A Borja sanadabwe n'komwe. Anati msika umenewu ndi wotero, ukhoza kukhala ndi kamera yabwino n'kuluza chifukwa cha chakudya chimene nduna ziwiri zinadyera limodzi kutsidya kwa nyanja. Anamugwira Tening dzanja, anamuuza kuti anachita bwino, analongedza mabokosi awo n'kupita.

Apa ndiye Tening anasokonezeka kotheratu. "Amayi, ndikalakwitsa ndimagwa. Ndachita bwino, ndagwanso. Ndiye munthu azitani?" Sanalire. Anaimbira azakhali ake n'kuwauza kuti pangano ndi pangano, akubwera. Ine mtima unandiwawa ngati ndi mwana wobala ndekha, ndipo nthabwala zinandithera.

Tsiku loti anyamuke mawa lake, anali kunditsukira mbale komaliza pamene galimoto ya asilikali inaima pakhomo. Anatsika a Wane, chipewa chili chokhazikika bwino kumutu. Anakhala pabenchi ngati kasitomala wamba.

"Ndamva kuti kapolo wanga akuthawa osatsanzika kwa mbuye wake."

Tening anatuluka manja ali thovu. "Mwagula kwa ena, akuluakulu. Ine ndatsala ndi chiyani kuno?"

"Ndinagula ndine? Ine anangondiuza, ngati mmene anakuuzira iwe. Mabokosi afika dzana, akuluakulu, okongola. Tatsegula onse. Muli makamera, muli mawaya, muli mabuku olembedwa Chifalansa chimene ngakhale Mfalansa sangachimve. Koma munthu woti akhale pampando mulibemo." Anatambasula miyendo. "Tikulemba anthu wamba oti aphunzire makina amenewa. Pali mayeso. Sindikulonjeza kanthu, ndipo ukalephera ndidzakuseka mpaka imfa."

"Makinawo ndi ofanana ndi aja?"

"Olo pang'ono. Mabatani ali kwina, kandodo kamayenda mosemphana. Zonse zimene ukudziwa uyambe waziiwala."

Tening anakhala pansi pomwepo, pakhonde. "Ndiye kuti ndiyambirenso kusamva kalikonse."

"Kwa Mserere chachilendo n'chiyani pamenepo?" anatero a Wane. "Mayi, mpunga ulipo?"

Chovuta chinali foni ya ku Joal. Tening anaimba n'kufotokoza zonse, kuti pangano akulikumbukira ndipo akanena kuti abwere, abwera.

"Ukuti ntchito yake ndi yoyang'ana?" anafunsa azakhali ake.

"Eya, azakhali. Kuyang'ana nyanja."

"Ndiye khala komweko. Kuno maso ako angothera mu utsi ngati angawa. Ng'anjo ndiipezera wina."

Mayeso aja anakhoza, osati pamwamba, koma anakhoza. Miyezi yoyamba ankabwera madzulo ndi nkhope yake ija ya munthu wosochera, akudandaula kuti kandodo katsopanoka kanapangidwa ndi munthu wamanzere. Lero ndi iye amene amaphunzitsa atsopano. Amalonda a mayiko osiyanasiyana akabwera ndi zida zawo, amamuitana kuti akhale pampando aziyese, ndipo amawafunsa mafunso amene ena amachita nawo manyazi. Akapanda kumva amanena poyera kuti sanamve, abwereze. Azakhali ake anawatengera kuchipatala cha maso kuno ku Dakar, ndipo diso limodzi linatseguka pang'ono.

Mukamufunsa chifukwa chimene boma linagulira kwa ena, sadziwa. Mukamufunsa ngati zida zimenezi zimabweretsa mtendere kapena zimangonenepetsa ogulitsa, amakanda m'mutu n'kunena kuti masiku ena amaganiza mwakuti, masiku ena mwakuti. Chimene amadziwa n'chakuti pali mabwato amene anapezeka anthu akadali amoyo chifukwa wina anakhala pampando uja osatopa kuyang'ana.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina mutu wanu uli balala. Uyu akukuuzani izi, uyo akukuuzani izo, mwachita bwino koma mwagwabe, ndipo simukudziwa kuti mwalakwa pati. Musadikire kuti zonse zimveke kaye ndiye muyende, chifukwa ena a ife takalamba zisanamveke. Pitani kumene mukuyenera kupita ngakhale mutu ukuzungulira. Pamene pakufunika kuti mutsegule pakamwa, tsegulani, ngakhale mawu akunjenjemera. Kusokonezeka si kugonja, abale anga. Musataye mtima.